Kandalama ka Tambala ndi Tinjoka Tiwiri

Ndinaganiza zochoka ku Kitwe tsiku limene ndinakumana ndi nsapato zanga za kumgodi zikuyenda pamsewu wa ku Luangwa, komboni yathu, zili kumapazi kwa munthu wina. Munthuyo anali wamfupi, nsapato zikumukhwepa. Ndinazipatsa moni, iye n'kuyankha. Nditafika kunyumba, mkazi wanga, amake Tisa, sanakane. Anati nsapato za munthu wochotsedwa ntchito ndi ndiwo, ndipo ndiwozo ndadya ndine dzulo, n'kupemphanso msuzi.

Nthawi imeneyo mgodi unali utatitaya ambiri. Ine ndinkadula mpanda wa maluwa ku Nkana West, kunyumba ya mzungu wina wa ku Holandi wokonza mapampu. Tsiku lina anandiuza kuti atate ake ali ndi munda wa matimati m'nyumba ya magalasi, ndipo akufuna manja kwa miyezi itatu. Ndinamuyang'ana bwinobwino. Munda m'nyumba? Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma bodza ndimalimva fungo likadali kutsidya kwa msewu. Komabe njala inandikankha kumsana. Nditawauza amake Tisa, anapitiriza kusankha nyemba, n'kunena kuti, “Pitani, atate ake Tisa. Mwina kumeneko kuli anthu amene sanamvepo nthabwala zanu.”

Tisa, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali giredi fili. Anandiperekeza mpaka pokwerera basi atagwira thumba la buluku langa.

Mzungu uja sananame. Munda unalidi m'nyumba, ndipo ngakhale njuchi zinkabwera m'katoni kudzagwira ntchito ngati ife. Dziko lake lafulati, lopanda chulu, lopanda ngakhale phiri lakuda la zotaya za mgodi loti munthu udziwire kumene kuli kwanu. Mwini munda anali mdala Keesi, wamtali ngati mlongoti, wosaseka pachabe. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa magalasi.

Mkangano wanga woyamba m'dzikomo unali ndi kandalama. Ndinagula buledi, mtsikana wa m'sitolo n'kundiikira chenji m'manja. Pakati pake panali kanthu koyera, kochepa kuposa batani la malaya, kopepuka ngati mamba a nsomba. Ndinati eya, ayamba. Aona munthu wakuda wachilendo, akuti timupatse ndalama ya ana a zidole. Ndinaima pomwepo osasuntha, ndikuloza ina yofiirira, yokulirapo, imene inali m'kabati mwake. Mtsikanayo anakweza mapewa, n'kundisinthira. Ndinatuluka ndikuyenda ngati ndawina mlandu. Madzulo mdala Keesi anandiuza kuti kakang'onoko ndi teni senti, yaikuluyo ndi faifi. Ndinadzibera ndekha, mtsikana akuonerera.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, mdalayo anatenga kandalama kena kotero ndi galasi lokuzira zinthu n'kundikhazika pansi. Dzina la kandalamako akuti dubeliche, kutanthauza kuti mafaifi awiri alowa m'kamodzi. Ndinafunsa chifukwa chake mwana akuposa bambo ake mtengo. Anati kalekale kanali ka siliva weniweni, ndipo siliva wa teni senti ndi wochepa chomwecho. Yofiirira ija inkakula chifukwa chitsulo chake n'chotchipa. Apa ndinakhumudwa pang'ono, popeza chitsulo chotchipacho ndi kopa, amene ine ndinathyokera msana. Pankhondo yaikulu, adani atalanda dziko, anachotsapo mutu wa mfumukazi, n'kupanga ina ya chitsulo chotuwa yokhala ndi maluwa. Amayi ake a Keesi ankabisa zasiliva m'chitini cha shuga. Nkhondo itatha mutu unabwerera, koma siliva sanabwerere. Anaika nikelo, n'kusiya msinkhu womwewo, chifukwa zala za anthu zinali zitazolowera.

Kamene tinkayang'anako kanali ka mfumukazi yakale, mayi wa imene inkalamulira nthawiyo. Kumaso mutu wake, tsitsi lopesa bwino. Kumbuyo chisoti chaufumu, pansi pake teni, chaka atachidula pakati, manambala ena uku ena uku. M'mphepete timizeremizere ngati mano a tupa. Ndiye pansi penipeni, tinthu tiwiri toti ndi maso okha ungati ndi dothi: katambala, ndi kandodo kokulungidwa ndi tinjoka tiwiri. Keesi anati kandodoko ndi chizindikiro cha nyumba yosulira ndalama, katambala ndi ka bwana amene ankayang'anira nthawiyo. Amene analipo iye asanabwere ankaika nsomba, wotsatira anaika nyundo. Ndinati ngati foromani wa kumgodi akusaina kuti shifiti yatha. Anati basi, chomwecho.

Ndinakakonda kandalamako, mdalayo n'kundisiyira. Kakang'ono, konyozeka, koma koposa mnzake wonenepa. Ndinakabowola ndi chobowolera cha m'shedi, bowo n'kupotoka, kudya mbali ya chisoti. Ndinapisamo ulusi, n'kukatumiza mu envulopu kwa Tisa kuti azivala m'khosi.

Yankho linachedwa. Litabwera, linali ndi maliro: mng'ono wanga Yelesani anafa pangozi ya minibasi pamsewu wa ku Ndola. Pansi pake amake Tisa anawonjezera kuti ndisatumizenso zachitsulo.

Miyezi itatu ija inali itatha kale, mapepala anga atafa. Kupita kumaliro kukanakhala kupita kosabwerera, ndipo nyumba yathu inali isanafoleredwe. Ndinalira ndili pakati pa matimati. Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu woyenda m'mbali mwa makoma. Belu la njinga likalira kumbuyo, mtima unkati apolisi. Chinyanja ndinkayankhula ndi matimati, Chibemba ndinkatukwanira njuchi. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, osaphonya, koma mawu ochokera kunyumba anafupika ngati buluku la mwana wokula msanga. Talandira. Tili bwino. Mvula yayamba. Mafoni a m'manja atabwera, zinali zomwezo, kungoti tsopano ndinkamva ndi kupuma komwe. Ndinkatchera khutu kuti mwina ndimva chifuwa cha mwamuna kumbuyo. Ndinene zoona, ndinkaganiza kuti pampando panga pakhala wina. Sindinaganizepo za kandalama.

Kenaka dzikolo linasintha ndalama, kulowa ya yuro. Tindalama tonse tija tinafa tsiku limodzi ngati inswa. Keesi anakhuthula chitini chake kukasintha, akung'ung'udza. Ine ndinati kanga kali ku Luangwa, pakhosi pa mwana wanga, sikamva zimenezo.

Zaka zinapitirira khumi, n'kupitiriranso. Keesi anamwalira, mwana wake anagulitsa magalasi, maondo anga anayamba kulira ngati chitseko. Ndinakadzipereka ndekha kwa a boma, iwo n'kundikweza ndege mwaulemu woti munthu usabwerenso.

Ndinapeza nyumba itakula: malata, mpanda wa njerwa, mpope pabwalo. Mwamuna wina munalibe. Ndinayang'ana mpaka kuseri kwa wadiropu. Anthu anandilandira bwino, bwino mopitirira. Ena mu Chibemba, mwaiseni bashikulu, ena mwabwera atate. Koma ndikadutsa pamsewu, azimayi ankaitana ana awo kuti abwere adzasambe, dzuwa lili pamutu. Wogulitsa makala ankalandira ndalama yanga ndi nsonga za zala. M'nyumba, amake Tisa anandipatsa kapu yangayanga, yoyera, yamaluwa, imene wina aliyense sankamwera.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandilasa ndi Tisa. Anali atakwatiwa ndi mnyamata wa Chikatolika wowotcherera zitsulo, akukhala misewu iwiri kuchokera kwathu, ali ndi khanda lalimuna lokwawa kumene. Ine ana ndimawadziwa. Mwana sanyamulidwa ngati mtolo wa zovala. Umamuvula mabulangete, umamugirigisha pamimba, umamuponya m'mwamba aone dziko. Koma ndikangotambasula manja, Tisa ankabwerera m'mbuyo. Wagona, atate. Wangoyamwa kumene, akusanzirani. Ali ndi chimfine. Amayi ake ankawapatsa, atamukulunga ngati chikwanje chogulitsa. Ine ayi. Milungu inapita, mdzukulu wanga ndikumudziwa chipewa chokha.

Amene anandimasulira ndi alamu anga a Sakala, mlongo wa amake Tisa, a ku Kawama ku Ndola, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Anandikokera kuseri kwa nyumba, n'kuyankhula motsitsa mawu ngati tili pamaliro. Anati Luangwa yense akudziwa kuti kanthu kaja kanafika mlungu womwe Yelesani anafa. Anati iwo ndi amene anakayang'ana ndi galasi la wokonza mawotchi, n'kuona zonse: mutu wa mkazi wachizungu wopanda thupi, tambala wa nsembe, njoka ziwiri. Nanga munthu wosatha ngakhale sitandade sikisi angakwere ndege bwanji, n'kumanga mpanda, popanda kupereka magazi? Anakatsekera m'botolo la mchere, n'kukakwirira pansi pa mtengo wa mapeyala pabwalo pathu. Tsopano, mwa chifundo chawo, anati tikafukule mwakachetechete, iwo akapereke kwa mneneri wina ku Ndola akakatenthe.

Kenaka anawonjezera, akuyang'ana kumbali: “Koma alamu, kanthu kameneka, kamagwira maginito?”

Apo mutu wanga unayera. Ndinali nditamva kale m'minibasi za anthu ogula ndalama zakale ndi masimbi a makala okhala ndi tambala pamwamba, akuti muli mankhwala a mtengo wa galimoto, ndipo amayesa ndi maginito. Nikelo amagwiradi maginito. Ndinawauza choncho, n'kuona mmero wawo ukukwera ndi kutsika. Satana yemweyo, alamu anga ankamufuna pamtengo wabwino.

Ndinalowa m'nyumba n'kuwafunsa amake Tisa ngati iwonso amakhulupirira kuti ndinadya mng'ono wanga. Anapukuta manja pachitenje nthawi yaitali.

“Sindinanene kuti munapha,” anatero. “Sindinanenenso kuti simunaphe. Munali kutali, ndipo wakutali sayankha.”

Ndinafunsa za ndalama zimene anamangira mpanda. Anati ankayamba azipititsa kwa abusa kuti aziike manja, kenaka n'kukagula simenti. Njala sifunsa kumene ufa wachokera.

Ndinalumbira kuti botololo lifukulidwa masana, pamaso pa akulu a mpingo, osati kuseri ndi a Sakala. Ife ndife a tchalitchi chimene anthu amachitcha cha Adachi, ndiye ndinati bwino, ndalama ya Adachi a ku Holandi iweruzidwe ndi a kwawo. Ndinagula galasi lokuzira pamsika. Ndinakonza ulaliki wonse: siliva, nkhondo, nikelo, foromani ndi katambala kake. Ndinati ndikamaliza, Tisa adzandiikira mwana m'manja anthu onse akuona.

Loweruka masana bwalo linadzaza. Akulu a mpingo awiri pamipando, amayi a chigwirizano ndi mayunifolomu awo, amake Tisa pakati pawo popeza ndiwo ankatsogolera nyimbo, ndi ena ongobwera kudzaona mfiti ikugwira khasu. Ndinakumba ndekha. Botolo linatuluka, mchere utauma ngati mwala. Ndinaliswa pa njerwa, n'kufwanyula mcherewo ndi chala.

Munali batani. Batani loyera la malaya, la mabowo anayi.

Azimayi anabwerera m'mbuyo onse pamodzi ngati madzi a m'beseni. Wina anayambitsa nyimbo, n'kuisiya panjira. Ine ndinaloza a Sakala kuti ndiwo anaba kale, akungofuna kudziwa ngati anagulitsa motchipa. Koma nkhope yawo inanditsutsa: munthu uja anali wokhumudwa zenizeni, ngati wapeza msampha wake uli wopanda mbewa. Anadzuka n'kunena kuti umboni ndi umenewu, kanthuko kamva kuti mwini wake wabwera, katuluka kokha kukamulonjera, ndipo andisecha m'matumba. Mkulu wa mpingo wina anatseka Baibulo lake, n'kunena mofatsa kuti nkhaniyi ndi yozama, ndiyambe ndaima pa Mgonero kufikira ataifufuza. Ndinatsala ndili ndi galasi m'manja, lopanda choyang'ana. Nditakweza maso ndinaona Tisa akutuluka pageti, mwana kumsana, akuyenda mofulumira. Ndinati basi, uyu ndiye ndamutaya.

M'mawa mwake, anthu ali kutchalitchi kumene ine ndinalibe nkhope yopitira, Tisa anabwera n'kundiuza kuti ndimutsatire kwawo. Ndinayenda kumbuyo kwake ndikuganiza kuti mwina andikonzera mneneri. Titalowa anatseka chitseko, anatsekanso katani, n'kumasula chitenje. Anandiikira mwana pamiyendo.

Anali wolemera, wofunda, wonunkhira mafuta ndi mkaka. Anandigwira ndevu. Manja anga anachita zimene amadziwa: kuchotsa chipewa, kuchotsa juzi, kufuna pamimba. Chala changa chinakodwa m'kachingwe kakuda ka m'chiuno, kaja amamangira makanda. Ndinakatsatira mpaka kumbali. Bowo lopotoka, lodya mbali ya chisoti. Mfumukazi inali itasalala tsaya, koma katambala kanalipo.

Ndinatsegula pakamwa.

“Mwaona?” anatero Tisa. “Pakamwa pomwepo ndi pamene ndimaopa. Amayi amanyamula mwana ngati mbale ya Mgonero. Inu mumamuvula, ndipo chimene mwapeza mumalengeza mpaka kumsika.”

Anandiuza kuti anafukula botololo ali kamtsikana, tsiku lina amayi ake ali ku chigwirizano, n'kuikamo batani la malaya ake a sukulu kuti likagwedezeka lizimveka kanthu. Zaka zonsezi kandalamako kanali mumpendero wa siketi, kenaka m'kachikwama. Anati zinthu zina zonse zimene ndinkatumiza zinkadutsa m'manja mwa a banki. Aka kokha ndi kamene dzanja langa linagwira. Mwana atadwala m'mimba mpaka liwombo kulowa, anapita naye kuchipatala, anachira, koma pobwera anamumangira kuti agogo ake azimulondera.

Kwathu ku mpingo, kachingwe ka m'chiuno mwa mwana ndi mlandu. Ndiye kachingwe kokhala ndi kanthu kamene Luangwa yense amakatcha ka Satana, pa mdzukulu wa mayi wotsogolera nyimbo? Tisa akanadulidwa mu mpingo, amayi ake akanavula yunifolomu, mwanayo akanakula akulozedwa zala. Ine kuti ndiyere, kunali kungotuluka panja n'kukweza mwanayo m'mwamba. Tisa anandiyang'ana, akudikira.

Ndagwirapo ntchito zolemetsa. Ndakumba mwala pansi pa nthaka, ndanyamula makatoni a matimati chisanu chikuluma makutu. Koma ntchito yotseka pakamwa panga ine, Lazalo Mwale, inaposa zonsezo. Ndinamuveka mwanayo juzi lake. Ndinamufunsa Tisa ngati ndingabwerenso mawa. Anati bola ndizigogoda.

Chotero ndinakhala mfiti ya ku Luangwa, ndipo ndikuuzeni, udindowu uli ndi zabwino zake. Mbava sizinakwerepo mpanda wathu. A Sakala ankabwera mwezi uliwonse ndi nkhuku, kundinyengerera kuti ndiwaonetse kumene ndabisa, ine n'kumadya nkhukuyo ndikuwauza kuti kanthuko sikakonda jekete. Akulu a mpingo anafufuza mpaka anatopa, n'kundibwezera pa Mgonero mosalengeza, monga mmene munthu amabwezera khasu lobwereka atalithyola. Lero ndikulemba izi chifukwa mnyamatayo ali kusukulu, kachingwe kanaduka kalekale, ndipo Tisa wandimasula pakamwa.

Koma chimene ndinaphunzira za kwathu sichinachokere kwa akulu a mpingo. Tsiku lina, mwanayo asanayambe kuyenda, ndinali naye pakhonde pathu, dzanja langa litaphimba m'chiuno mwake monga ndinazolowera amake Tisa akakhala pafupi. Iwo anali kusoka. Osakweza maso anati ndichotse dzanjalo, mwana atuluka thukuta.

Ndinati ndikungomuchirikiza.

“Atate ake Tisa,” anatero, akudula ulusi ndi mano, “mukuganiza kuti batani la malaya a sukulu aja analisokereranso ndani?”

Anati anaona dothi lofukulidwa tsiku lomwelo. Anadikira kuti aone ngati Tisa adwala. Mwana ananenepa, n'kumakhoza m'kalasi. Koma mawu anali atatuluka kale pakamwa pa mlongo wawo, mpingo wonse utamva, ndipo mkazi wokhala yekha sakangana ndi anthu amene adzamunyamulire maliro.

Ndinafunsa za kapu yamaluwa ija, yanga ndekha.

Anati imeneyo si ya mfiti, ndi ya alendo. Nanga munthu wochoka mwana ali giredi fili, n'kubwera mwanayo ali ndi wake kumsana, ndi ndani?

Anadzuka, analowa m'nyumba, n'kubwera ndi tiyi m'kapu yachitsulo yakale, yosupuka m'milomo, imene ndinkamwera ndisanagulitsidwe nsapato. Anaiika pansi patali ndi miyendo ya mwana. Ndinamwa yonse mpaka masamba. Koma ndisaname, ndinayamba ndanunkhiza.